Kuyenda wapansi mu mzinda wa Canterbury: mmene mungakonzere tsiku limodzi kuti mbiri yake ikulowereni

Canterbury ndi mzinda waung'ono wa m'chigawo cha Kent, kum'mwera chakum'mawa kwa England. Mutha kuudutsa wapansi kuchokera pa chipata china kukafika kumapeto ena pa mphindi 15 zokha. Kuchepa kwakeko ndi kumene kumanyenga alendo: amafika masana, kuthamangira m'tchalitchi chachikulu, kujambula zithunzi, n'kubwerera ku London ataona zambiri koma osagwirapo kanthu. Mbiri ya mzindawu inaunjikana pamalo amodzi, khoma la Aroma pansi, tchalitchi cha amonke pamwamba, mashopu a pambuyo pa nkhondo pambali, ndipo munthu wosadziwa amangoona miyala yokhayokha. Chofunika n'kusanja tsiku lanu kuti wolondolera alendo akutsegulireni pakati pa mzinda, inuyo muwonjezere malo awiri amene ulendo wa gulu nthawi zambiri sufikako, kenako mulowe m'tchalitchi chachikulu pomalizira, mutadziwa kale chimene mukuyang'ana.

Choyamba: sungani zaka zinayi m'mutu musananyamuke

Wolondolera adzatchula zaka ndi mayina ambirimbiri. Musavutike kuziloweza zonse. Gwirani izi: 597, chaka chimene Augustine, mmonke wotumidwa ndi Papa Gregory, anafika kwa Mfumu Ethelbert ya ku Kent, 1170, pamene bishopu wamkulu Thomas Becket anaphedwa m'tchalitchi mwake pa 29 Disembala, 1538, pamene Mfumu Henry VIII inagwetsa kachisi wosungiramo mafupa a Becket ndi kutseka nyumba ya amonke ya St Augustine, ndi 1942, pamene ndege za ku Germany zinaphulitsa mbali ya kum'mawa kwa mzinda. Chilichonse chimene mudzaone, dzifunseni kuti chili pakati pa zaka ziti. Mukatero, ngakhale wolondolera azilankhula mothamanga, simusochera.

Chachiwiri: sankhani tsiku, ndipo funsiranitu malo atatu

Malo atatu pamodzi ndiwo analowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse mu 1988: tchalitchi chachikulu, mabwinja a nyumba ya amonke ija, St Augustine's Abbey, ndi katchalitchi ka St Martin. Vuto ndi loti aliyense ali ndi omuyang'anira ake komanso nthawi zake. St Martin amatsegulidwa ndi anthu odzipereka, maola ochepa, osati tsiku lililonse. Mabwinja a Abbey ali m'manja mwa English Heritage, bungwe losamalira malo akale, ndipo m'nyengo yozizira masiku otsegulira amachepa kwambiri. Tchalitchi chachikulu nacho ndi nyumba yopemphereramo: Lamulungu m'mawa alendo ongoona salowa, ndipo masiku ena mbali zina zimatsekedwa chifukwa cha maliro, mwambo wodzoza atsogoleri a mpingo, kapena mwambo wopereka madigiri wa mayunivesite a mumzindamo. Onani pa intaneti nthawi za malo onse atatu pa tsiku lenilenilo musanagule tikiti ya sitima. Yambani ndi St Martin, chifukwa ndi amene amavuta, kenako ena awiriwo muwagwirizanitse naye.

Kuyambira Epulo mpaka Seputembala kumachedwa kuda, ndiye mumayenda mosapanikizika. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo magalasi amitundumitundu a m'tchalitchi sawoneka kukongola kwake kunja kukachita mdima. Ngati mukupita m'nyengo yozizira, tembenuzani ndondomeko ili pansipa kuti mulowe m'tchalitchi masana enieni.

Chachitatu: sitima ndi zovala

Canterbury ali ndi masiteshoni awiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Sitima yothamanga yochokera ku London St Pancras imaima pa Canterbury West, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Yochokera ku London Victoria imaima pa Canterbury East, ndipo imatenga cha m'ma ola limodzi ndi theka. Tikiti ya sitima yothamanga ndi yodulirapo, ndipo tikiti wamba siyiloledwa m'menemo. Pa ulendo uno tsikirani pa West, chifukwa mpamene pali njira imene amwendamnjira akale, odzapemphera pa manda a Becket, ankalowera mumzinda. Yesetsani kufika isanakwane hafu pasiti 9.

Tsiku lonse muyenda makilomita 5 kapena 6. Valani nsapato zafulati zomwe mwazizolowera. Misewu ina ndi ya miyala yoyalidwa, yoterera kukagwa mvula, ndipo masitepe a m'tchalitchi ndi okumbika. Jekete yosalowa madzi imaposa ambulera, poti m'timisewu topanikiza ambulera imangokola anzanu. Sutikesi isiyeni kumene mwagona.

Chachinayi: ola loyamba muyende nokha, kuchokera ku St Dunstan kukafika ku Westgate

Mukatuluka pa siteshoni, tsatani Station Road West mpaka pa St Dunstan's Street. Musakhotere kumzinda kaye. Lowerani kumanja, muwoloke njanji, mukwere pang'ono mpaka pa tchalitchi cha St Dunstan. Mu Julayi 1174 Mfumu Henry II, imene mawu ake aukali anachititsa kuti Becket aphedwe, inavula zovala zachifumu pano n'kuyamba ulendo wa kulapa wolowa mumzinda. Inakafika pa manda a Becket ili yopanda nsapato, ndipo amonke anaikwapula. M'tchalitchi chomwechi, m'manda a banja la Roper, ndi momwe mbiri imati muli mutu wa Thomas More, nduna ya Mfumu Henry VIII, amene anadulidwa khosi mu 1535. Mwana wake Margaret anakwatiwa m'banja limenelo.

Tsopano tembenukani mutsike ndi msewu womwewo. Kutsogolo kwanu kudzaoneka nsanja ziwiri za Westgate, zotalika pafupifupi mamita 18, zomangidwa cha m'ma 1380 m'nthawi ya bishopu wamkulu Simon Sudbury. Mwa zipata zonse zakale za mzindawu, ichi chokha ndicho chatsala chathunthu, ndipo chinapulumuka chifukwa chinakhala ndende ya mzinda kwa zaka mazana angapo. Yang'anani timabowo ta m'khomamo tooneka ngati polowera kiyi: tinali toomberamo mfuti. Sudbury yemweyo anadulidwa mutu ku London mu 1381 ndi anthu wamba oukira msonkho, ndipo thupi lake lili m'tchalitchi chachikulu. Ngati nthawi ilipo, khalani mphindi 10 m'munda wa Westgate Gardens m'mbali mwa mtsinje wa Stour, ndipo mugwiritsiretu ntchito chimbudzi musanalowe m'gulu, chifukwa gululo siliima.

Chachisanu: ulendo wa gulu

Maulendo a tsiku ndi tsiku a olondolera a mumzindamu amayambira pa Buttermarket, kabwalo kamene kali moyang'anizana ndi chipata cha Christ Church Gate, nthawi zambiri 11 koloko m'mawa, ndipo amatenga pafupifupi mphindi 90. Lembetsanitu pa intaneti, makamaka Loweruka. Funsani ngati wolondolerayo ali ndi baji yobiriwira kapena yabuluu ya Institute of Tourist Guiding. Yobiriwira ndi ya amene anayesedwa mayeso pa mzinda umodzi, yabuluu ndi ya chigawo chonse. Pa Canterbury yobiriwira ndi yokwanira. Funsaninso funso limene ambiri amaiwala: kodi tikitiyi ikulowetsa m'tchalitchi chachikulu? Kawirikawiri yankho ndi ayi. Gulu limazungulira kunja, ndipo kulowa mkati n'kolipira padera.

Fikani mphindi 10 nthawi isanakwane ndipo muime pafupi ndi wolondolera, mbali imene wayang'ana. Pa High Street pamakhala phokoso la oimba ndi magulu a ana asukulu, ndiye amene ali kumbuyo amangomva theka. Ngati katchulidwe ka Chingerezi chake kakukuvutani, muuzeni poyambirira pomwe. Ambiri amachepetsa liwiro akadziwa. Mafunso muzifunsa pamene gulu likuyenda kuchoka pamalo ena kupita pena, osati pamene waima kufotokoza. Zithunzi muzijambula akamaliza kulankhula. Amene amajambula uku akumvetsera, mapanga awiri amamuvumbwitsa.

Njira imasiyana malinga ndi wolondolera, koma malo awa sasowa. Mercery Lane, kamsewu kopanikiza kolunjika pa chipata cha tchalitchi, ndi mmene amwendamnjira ankagulamo timabaji ta mtovu ndi timabotolo ta madzi a Becket, amene ankakhulupirira kuti amachiritsa. Pa ngodya yake pali miyala ya pansi ya nyumba ya alendo ya Chequer of the Hope, ya cha m'ma 1392, imene mbali yake yaikulu inapsa mu 1865. Kwezani maso muone mmene chipinda chapamwamba chilichonse chimatulukira kunja kuposa cha pansi pake. Ankatero kuti apeze malo ambiri m'mwamba popanda kudya msewu. Pa mlatho wa King's Bridge pali Eastbridge Hospital, ya cha m'ma 1180, imene inamangidwa kuti amwendamnjira osauka azigonamo. Poloweramo mumatsika masitepe, chifukwa msewu ndi umene wakhala ukukwera pa zaka 800 zapitazi pamene nyumbayo ili pomwe inali. Tsidya la msewu kuli Old Weavers' House, yokumbutsa anthu oluka nsalu achipulotesitanti amene anathawa nkhanza ku France ndi ku Flanders m'zaka za m'ma 1500. Mpando womizira anthu m'madzi umene ukulendewera pamtsinje kuseri kwake ndi wongopanga potengera wakale, ndipo wolondolera wabwino adzakuuzani zimenezo.

Apa pali chizolowezi chimodzi chimene chimasiyanitsa mlendo watcheru ndi wongotsatira. Mukamva nkhani yokoma kwambiri, funsani kuti, "Kodi zimenezi zinalembedwa m'nthawi yomweyo, kapena ndi zongosimbidwa?" Pa Palace Street pali Conquest House, imene amati asilikali anayi opha Becket anakumaniramo. Imeneyo ndi nkhani yosimbidwa. Koma imfa ya Becket yeniyeniyo inalembedwa ndi anthu amene anaiona ndi maso, kuphatikizapo Edward Grim, amene anatemedwa mkono pomutchinjiriza. Zonse ziwiri n'zabwino kuzimva, koma kulemera kwake n'kosiyana, ndipo wolondolera wodziwa ntchito amakondwa akafunsidwa chonchi.

Mukafika cha ku St George's Street mudzaona kuti nyumba zakale zatha mwadzidzidzi. Ndi 1942 ameneyo. Usiku wolowera pa 1 Juni mabomba anasesa dera limeneli, ndipo pa tchalitchi cha St George, mmene wolemba masewero Christopher Marlowe anabatizidwira mu 1564, panatsala nsanja ya wotchi yokha. Pokumba mabwinjawo ndi pamene anapeza pansi pa nyumba ya Aroma, pokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu, pamene lero pali Roman Museum pa Butchery Lane. Ngati kukugwa mvula yambiri, theka la ola m'menemo silipita pachabe.

Chachisanu ndi chimodzi: tulukani kunja kwa khoma

Gulu likabalalika cha m'ma hafu pasiti 12, idyani mwachangu. Musakhale pa lesitilanti yodikirira chakudya ola lathunthu, chifukwa St Martin amatseka msanga. Tulukani kudzera pa Burgate, ndipo musanawoloke msewu waukulu yang'anani khoma la mzinda. Maziko ake anayalidwa ndi Aroma chakumapeto kwa zaka za m'ma 200, pamene mzindawu unkatchedwa Durovernum Cantiacorum. Pafupi ndi Queningate mutha kuona zotsalira za khomo la Aroma lotsekedwa m'khomamo. Pa Lady Wootton's Green pali ziboliboli ziwiri za mkuwa, za Ethelbert ndi mkazi wake Bertha.

Pitirirani kaye pa Abbey osalowa, mutsate Longport, mukhotere kumanzere pa North Holmes Road. Ndi ulendo wa mphindi 15 kuchokera pa Burgate, wokwera pang'ono kumapeto. St Martin ndi kanyumba kakang'ono, ndipo ambiri amakhumudwa akakaona. Musafulumire. Bertha anali Mkhristu wochokera ku dziko la Afulanki, komwe lero ndi France, ndipo anakwatiwa ndi Ethelbert amene sanali Mkhristu, pa pangano loti azipemphera mwaufulu. Ankapemphera muno Augustine asanabwere, ndipo Augustine atafika mu 597 anayambira ntchito yake muno. Ndiye kuti mlaliki uja anapeza khomo lotsegulidwa kale ndi mayi. Zungulirani kunja mbali ya kum'mwera, muyang'ane njerwa zofiira, zopyapyala ndi zazitali, zosakanikirana ndi miyala m'khoma: ndi za Aroma. Muonanso timakomo tiwiri totsekedwa, kena kokhota pamwamba, kena kafulati. Tchalitchichi chimadziwika kuti ndi chakale kuposa zonse zimene anthu akupempheramobe m'mayiko olankhula Chingerezi. Mphindi 25 n'zokwanira.

Potsika ndiye lowani mu St Augustine's Abbey, imene inayamba mu 598 ngati nyumba ya amonke komanso manda a mafumu a Kent ndi mabishopu aakulu oyambirira. Inamangidwa kunja kwa khoma potsatira mwambo wa Aroma wosaika maliro mkati mwa mzinda. Tengani kachipangizo komvetsera m'makutu ngati kalipo, apo ayi mungoona mizere ya maziko pa kapinga. Funani malo a manda a Augustine ndi omutsatira, ndipo funsani za Hadrian. Ameneyu anabadwira kumpoto kwa Africa, anakhala mkulu wa amonke pano kuyambira cha m'ma 670 kwa zaka pafupifupi 40, ndipo pamodzi ndi bishopu wamkulu Theodore wa ku Tarsus anayendetsa sukulu yophunzitsa Chilatini, Chigiriki, Malemba ndi kawerengedwe ka nyengo. Olondolera ena samutchula n'komwe, pamene maphunziro a mpingo wa ku England ali ndi ngongole yaikulu kwa iye. Patsani malowa mphindi 45 mpaka ola.

Chachisanu ndi chiwiri: tchalitchi chachikulu, motsata ndondomeko

Lowani isanakwane 3 koloko. Kulowa kwa alendo kumatsekedwa tchalitchi chisanatsekedwe, ndipo mkatimo mufunika maola awiri. Amene afika mochedwa amathamangitsidwa ndi nthawi pamalo enieni ofunika, omwe ali kumapeto kwa nyumbayo.

Chinsinsi chowerengera nyumbayi n'chapafupi: yang'anani pamwamba pa makomo ndi mawindo. Pokhota mozungulira, pa zipilala zonenepa, ndi pa Anormani, olamulira ochokera kumpoto kwa France, kuyambira pamene bishopu wamkulu Lanfranc anayamba kumanganso mu 1070. Posongoka ndi pa pambuyo pa moto wa 1174. Pamene mizere yonse ikuthamangira m'mwamba ndi mawindo aakulu, ndi pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 kupita m'tsogolo. Mwala wotuwirako umene anamangira unkabwera pa zombo kuchokera ku Caen, ku France.

Yambani m'holo yaikulu ya kumadzulo, imene inamalizidwa cha m'ma 1405. Chakutsogolo kwake, pansi, pali chizindikiro cha mkuwa cha Compass Rose, choikidwa mu 1988, choimira mipingo yonse ya Anglican padziko, kuphatikizapo ya ku Malawi ndi Zambia. Kwa wochokera kwathu pali mgwirizano wina: mu Okutobala 1860, muno munachitika mapemphero otsanzikana ndi Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya Anglican ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), amene chaka chotsatira anakakhazika mishoni ku Magomero. Imani pamene mbali zinayi za nyumbayo zimakumana ngati mtanda, muyang'ane m'mwamba, mkati mwa nsanja ya Bell Harry, yotalika pafupifupi mamita 72, yomalizidwa cha m'ma 1498.

Tsikirani kumanzere pamalo otchedwa Martyrdom. Apa ndi pamene asilikali anayi aja, Reginald FitzUrse, William de Tracy, Hugh de Morville ndi Richard le Breton anamupeza Becket madzulo, atalowera khomo lochokera pa khonde la amonke. Mkangano wake ndi mfumu unali woti atsogoleri a mpingo akalakwa aziweruzidwa ndi bwalo liti, la mpingo kapena la mfumu. Pakhoma pali malupanga achitsulo opachikidwa pamwamba pa guwa laling'ono. Pa 29 Meyi 1982 Papa John Paul II ndi bishopu wamkulu Robert Runcie anagwada limodzi pamalo amenewa.

Kenako lowani m'chipinda cha pansi, mbali yakale kwambiri ya nyumbayi, ya cha m'ma 1100. Muno saloleza kujambula ndipo anthu amakhala chete. Yang'anani mitu ya zipilala: pali zinyama zosemedwa zikuimba zitoliro ndi azeze. Kum'mawa kwake ndi kumene Becket anagona zaka 50 zoyambirira. Mbali ina ya chipindachi akupempheramobe m'Chifalansa Lamulungu masana, mpingo wotsalira wa othawa kwawo aja.

Kwerani mupite pamalo a oimba. Moto wa 1174 utawononga mbali imeneyi, amonke anaitana mmisiri William wa ku Sens, amene anagwa pa nsanja yomangira mu 1178 n'kulumala. William wina, Mngelezi, ndiye anamaliza ntchitoyo mu 1184. Masitepe okwerera ku Trinity Chapel ndi okumbika pakati chifukwa cha mapazi ndi mawondo a amwendamnjira, choncho gwirani chitsulo cha m'mbali. Pamwambapo mupeza malo opanda kanthu ndi kandulo imodzi pansi. Kuyambira pa 7 Julayi 1220 mpaka 1538 panali kachisi wa golide ndi miyala yamtengo wapatali. Yang'anani pansi pomwe pali kamzere kokumbika m'mwala, pamene anthu ankagwada. Mawindo ozungulira malowa, a m'zaka zoyambirira za m'ma 1200, akusimba za odwala amene ankati achiritsidwa ndi Becket. Sankhani windo limodzi, mulitsate chithunzi ndi chithunzi, ndipo mufunse mmodzi wa odzipereka oima pafupi kuti akumasulireni. Kuyesa kuona onse n'kutaya nthawi. M'mbali muli manda a Edward, mwana wa mfumu wotchedwa Black Prince, amene anamwalira mu 1376, ndi a Mfumu Henry IV ndi mkazi wake Joan. Kumapeto kwenikweni kuli kachipinda kozungulira ka Corona, kokumbukira ophedwa chifukwa cha chikhulupiriro m'nthawi yathu ino, ndipo m'modzi mwa iwo ndi Janani Luwum, bishopu wamkulu wa ku Uganda amene anaphedwa mu 1977 mu ulamuliro wa Idi Amin.

Chachisanu ndi chitatu: madzulo ndi kubwerera

Mapemphero oimba a madzulo amayamba kawirikawiri hafu pasiti 5 ndipo amatenga mphindi pafupifupi 45. Wobwera kudzapemphera salipira, ndipo anthu a mpingo uliwonse amalandiridwa. Uzani wapachipata kuti mwabwerera Evensong, fikani mphindi 15 nthawi isanakwane kuti mukhale m'mipando ya pamalo a oimba, zimitsani foni ndipo musajambule. Masiku ena kwaya imakhala pa tchuthi ndipo mapempherowo amangowerengedwa, kotero onani ndandanda ya nyimbo ya sabata imeneyo.

Kuchokera pa Christ Church Gate kubwerera ku Canterbury West ndi mphindi 12 mpaka 15, kudzera pa High Street ndi Westgate. Ngati tikiti yanu ndi ya ku Victoria, njira ndi ina: dutsani m'munda wa Dane John, mukwere pa khoma la mzinda, muwoloke pa kamlatho ka oyenda pansi kolowera ku Canterbury East. Werengani dzina la siteshoni pa tikiti musanachoke pa chipata, chifukwa masiteshoni awiriwa atalikirana ulendo wa mphindi 20 wapansi ndipo palibe sitima yolumikiza.